Injini Ikafera Panjira: Eni Magalimoto a ku Matema ndi Mtolo wa Kukonzetsa

Matema ndi limodzi mwa madera a mzinda wa Tete amene ali kutsidya kwa mtsinje wa Zambezi, moyandikana ndi Matundo ndi Chingodzi, ndipo munthu wochokera pakati pa mzindawo amafikako atawoloka mlatho wa Samora Machel umene unamalizidwa mu 1973. Pa nkhani ya magalimoto derali ndi lofunika chifukwa m'pamene misewu iwiri ikuluikulu imasiyanirana: msewu wa N7, umene umadzera ku Moatize n'kukafika ku Zóbuè, polowera ku Malawi kudzera ku Mwanza, ndi msewu wa N9 umene umalunjika ku Cassacatiza, m'malire a dziko la Zambia. Kuyambira mu 2011, pamene mgodi waukulu wa malasha wa ku Moatize unayamba kutulutsa malasha, anthu ndi magalimoto zinachuluka kwambiri kutsidya kuno, ndipo ngakhale mlatho wa Kassuende unatsegulidwa mu 2014 kuti mathiraki olemera aziwolokerapo, minibasi zimene kumeneko amati chapa, malole a mchenga ndi njerwa, komanso magalimoto a anthu wamba zimadutsabe pa Matema kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Pamene pachuluka magalimoto pamachulukanso owakonza, motero m'mbali mwa misewuyi muli magalaja, amene m'Chipwitikizi amati oficina, ena a mpanda ndi denga la malata, ena a pamthunzi wa mtengo, ndipo mwini luso pamalo otere amatchedwa mestre, dzina laulemu limene Amalawi odutsa njirayi amangolimasulira kuti makaniko wamkulu.

Eni magalimoto akamafotokoza za tsiku limene injini inawafera, mawu awo amafanana modabwitsa: galimoto inkayenda bwinobwino, kenako inayamba kuchepa mphamvu, kapena kunamveka kugogoda pansi pa boneti, kapenanso kunatuluka nthunzi, ndipo pasanathe mphindi zingapo injini inazima osalolanso kuliza. Olankhula Chichewa amati injini yanoka pamene zitsulo za m'kati zayamba kumenyana, amati yawira pamene madzi oziziritsa abwata, pomwe olankhula Chipwitikizi amati motor gripou pamene zitsulozo zagwirana moti injini singathenso kuzungulira. Pafupifupi onse amatsindika kuti zinachitika mwadzidzidzi, ndipo ambiri amadzitonthoza ndi mawu a makolo akuti tsoka silinunkha. Komatu tsoka la injini nthawi zambiri limanunkha ndithu, pakuti limayamba ndi fungo la oyilo wopsa kapena la madzi a m'rediyeta amene akudonthera pachitsulo chotentha, ndipo chimene chimaoneka ngati imfa ya mphindi imodzi chimakhala mapeto a matenda amene akhala akukula kwa miyezi. Kunena zimenezi si kunyoza mwini galimoto, chifukwa zizindikirozo n'zobisika kwa munthu amene sanaphunzitsidwe kuziona, ndiponso, monga mmene zidzaonekere kutsogoloku, pali zifukwa zenizeni zimene zimamukakamiza kupitiriza ulendo ngakhale ataziona.

Kuti nkhaniyi imveke m'pofunika kudziwa pang'ono mmene injini imagwirira ntchito. M'kati mwa thunthu la injini, lotchedwa buloko, muli mabowo aakulu otchedwa masilinda, ndipo m'bowo lililonse muli pisitoni imene imakwera ndi kutsika pamene mafuta osakanizidwa ndi mpweya akuyaka pamwamba pake. Mapisitoniwa amalumikizidwa ndi mikono yachitsulo ku mtanda wokhotakhota wotchedwa kulanki, umene umasandutsa kukwera ndi kutsikako kukhala kuzungulira kumene kumakafika kumatayala. Kulankiyo siikhudzana mwachindunji ndi zitsulo zoigwira, koma imayandama pa kansalu ka oyilo kamene kali pakati pa iyo ndi mabeyaring'i, ndipo mpata wake ndi wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi la munthu. Pamwamba pa buloko pamakhala chivindikiro chotchedwa silinda hedi, chimene chili ndi mavavu olowetsa mpweya ndi otulutsa utsi, ndipo pakati pa ziwirizi pamakhala gasiketi, kachipepala kolimba kamene kamalekanitsa moto, madzi ndi oyilo kuti zisasakanikirane. Imfa zambiri za injini zimachokera pa kulephera kwa chimodzi mwa ziwirizi, kansalu ka oyilo kapena gasiketi ya hedi.

Mdani woyamba wa injini ku Tete ndi kutentha. Mzindawu uli m'chigwa cha Zambezi, pamalo osakwana mamita 200 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo umadziwika kuti ndi umodzi mwa malo otentha kwambiri m'dziko la Mozambique, moti m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala si zachilendo kuti kutentha kupitirire madigiri 40. Pa mphamvu yonse imene ili m'mafuta, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi limene limayendetsa galimoto, gawo lina limatuluka ndi utsi, ndipo lotsalalo liyenera kuchotsedwa ndi madzi amene amazungulira m'buloko ndi m'hedi n'kukazizira m'rediyeta. Injini imagwira bwino ntchito madzi ake akakhala pa madigiri pafupifupi 90, ndipo rediyeta imaziziritsa madziwo powapatsira mpweya umene ukudutsa m'timipata take, kotero kuti mpweyawo ukakhala kale wotentha, ntchito imene imachitika mosavuta kumapiri a ku Angónia imakhala yolemetsa pa Matema masana. Galimoto imene yaima pamzere wa pamlatho injini ikulira, kapena minibasi imene ikukwera zitunda za ku Zóbuè itadzaza anthu ndi matumba, imakhala ilibe mpata wolakwitsa, ndipo kachilema kakang'ono kamene kumalo ozizira kakanatha chaka osaonekera, monga fani yofooka kapena paipi yong'aluka pang'ono, kuno kamaonekera tsiku lomwelo.

Pa nkhani ya kutenthayi pali zizolowezi zitatu zimene zafala m'chigawo chonse, ku Tete, ku Blantyre ngakhalenso ku Chipata, ndipo zonse zimachitika ndi cholinga chabwino koma zimafupikitsa moyo wa injini. Choyamba ndi kuthira madzi wamba m'rediyeta m'malo mwa madzi osakaniza ndi mankhwala otchedwa kulanti. Anthu ambiri amaganiza kuti mankhwalawa ndi a kumayiko a chisanu okha, pomwe ntchito yake ina, imene ndi yofunika kwambiri kuno, ndi kuteteza zitsulo ku dzimbiri ndi kukweza mulingo umene madzi amawirira. Madzi a pachitsime kapena a mumtsinje amasiya ndere ndi mchere m'timipaipi ta rediyeta mpaka theka lake litatsekeka, ndipo mwini galimoto sazindikira kanthu chifukwa akatsegula amaona madzi ali odzaza. Chachiwiri ndi kunyozera chivindikiro cha rediyeta, chimene chimaoneka ngati chotsekera wamba koma chili ndi sipuling'i yosunga mphamvu ya mpweya m'kati, mwakuti madzi amene pabwalo amawira pa madigiri 100 m'injini amatha kufika pafupifupi madigiri 120 asanawire. Chivindikirocho chikatha mphira wake, madzi amawira msanga n'kumataika pang'onopang'ono. Chachitatu ndi kuchotsa thermostat, kachipangizo kamene kamatsegula njira ya madzi injini ikafika pa madigiri a m'ma 80. Amakaniko ambiri amakachotsa poganiza kuti m'dziko lotentha n'kosafunika, koma m'injini zambiri kachipangizoka kakatseguka kamatsekanso njira yachidule imene madzi amadzera osafika ku rediyeta, motero kukachotsa kumachititsa kuti madzi ena azingozungulira m'injini momwemo osazizira, ndipo vuto lenileni limene linachititsa kuwirako, kaya ndi rediyeta yotsekeka kapena pampu yotha, limatsala pomwepo.

Injini ikawira kwambiri, chimene chimayamba kugonja ndi hedi, makamaka ikakhala ya aluminiyamu pamwamba pa buloko yachitsulo, pakuti aluminiyamu amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo akatenthedwa, ndipo hediyo imapindika kapena kung'aluka n'kusiya mpata pa gasiketi. Apa m'pamene amati gasiketi yapsa, kapena m'Chipwitikizi junta queimada. Mestre wodziwa ntchito safunika makina kuti aone zimenezi: amatsegula chivindikiro cha oyilo n'kupeza kunsi kwake kuli phala loyererapo ngati tiyi wamkaka, kenako injini itazizira amatsegula rediyeta n'kuliza, ndipo akaona thovu likutumphuka pakamwa pake mosalekeza amadziwa kuti moto wa m'silinda ukulowa m'madzi. Hedi ikachotsedwa amaiika pathebulo, n'kugoneka rula yachitsulo pamwamba pake, n'kumalowetsa timapepala tachitsulo topyapyala pansi pa rulayo kuti aone ngati yapindika. Injini ya dizilo ya 1KZ, imene ili m'magalimoto ambiri akale a mtundu wa Prado, Hilux Surf ndi Hiace, imadziwika pakati pa amakaniko kuti ndi yolimba koma hedi yake siikhululuka ikangowira. Chomvetsa chisoni n'chakuti kusiyana kwa gasiketi yopsa ndi injini yofa kumakhala makilomita ochepa chabe, amene dalaivala amayenda singano ya kutentha itafika kale pofiira pofuna kukafika pamalo pamene pali anthu, ndipo ena amaonjezera vutolo pothira madzi ozizira m'injini yowira, zimene zimang'ambiratu hedi imene ikanapulumuka.

Mdani wachiwiri ndi fumbi. M'chilimwe misewu ya m'kati mwa Matema, imene yambiri ndi yadothi, imatulutsa fumbi losalala limene limalowa paliponse, ndipo cha ku Moatize limasakanikirana ndi la malasha. Fumbi la mchenga n'lolimba kuposa zitsulo zambiri za m'injini, kotero likadutsa pa sefa ya mpweya yong'ambika, kapena imene yapopedwa ndi mpweya kambirimbiri mpaka kubooka, limapala masilinda ndi maring'i a pisitoni ngati sandipepa. Injini yotere imayamba kudya oyilo n'kumatulutsa utsi wabuluu, oyilo amachepa m'sampu, chosungira chake cha kunsi kwa injini, popanda kudontha pansi, ndipo tsiku lina pampu imakoka mpweya m'malo mwa oyilo. Kansalu ka oyilo kaja kakangoduka, kulanki imakhula mabeyaring'i mpaka atasungunuka, ndipo kugogoda kumene kumamveka ndi kwa mkono wa pisitoni umene tsopano ukugwedera. Makaniko amasanjika nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa buloko, chigwiriro chake n'kuchiika kukhutu, kuti amve silinda imene ikugogoda, ndipo akakhetsa oyilo m'beseni n'kupita naye padzuwa amaona tizitsulo tonyezimira tikuyandama. Nyali yofiira ya oyilo ikayaka galimoto ikuyenda, nthawi imene yatsala imawerengedwa m'masekondi, osati m'makilomita. N'chifukwa chake opanga magalimoto amalangiza kuti m'malo a fumbi ndi otentha oyilo azisinthidwa msanga kuposa mmene amasinthidwira kwina, ndipo pa injini zakale za dizilo mulingo wodziwika ndi makilomita 5,000, malinga oyiloyo akhale weniweni, pakuti wogulitsidwa m'mabotolo opanda chidindo sadziwika kumene wachokera.

Palinso mbiri imene galimoto imabwera nayo. Ku Mozambique magalimoto amayenda kumanzere monga ku Malawi, ku Zambia ndi ku Japan, ndipo ambiri mwa amene ali m'manja mwa anthu wamba ndi akaunjika ochokera ku Japan, kumene lamulo limafuna kuti galimoto iyesedwe ikatha zaka zitatu ndipo kenako zaka ziwiri zilizonse, pa mtengo umene umachititsa eni ake ambiri kuigulitsa ikadali yooneka bwino. Wogula wa ku Tete amalandira galimoto yonyezimira koma yopanda buku losonyeza mmene inkasamalidwira, ndipo sadziwa ngati lamba wa taiming'i anasinthidwapo. Lambayu amagwirizanitsa kuzungulira kwa kulanki ndi kutseguka kwa mavavu, ndipo m'injini zambiri amayenera kusinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000 kapena akakalamba ngakhale mtundawo usanakwane, chifukwa mphira amauma ndi zaka komanso ndi kutentha. Lamba ameneyu ndiye amapha injini mwadzidzidzi zenizeni, pakuti sachenjeza, ndipo akaduka m'injini za dizilo ndi zina zambiri za petulo mapisitoni amamenya mavavu amene atsala otsegula.

Madzi nawonso amapha injini m'kanthawi kochepa. Mtsinje wa Revúbuè, umene umathira mu Zambezi pafupi ndi mzindawu, unasefukira mu Malichi 2019 n'kumiza madera ena a kutsidya kuno, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mlatho wa pamtsinjewu panjira ya ku Moatize. Galimoto ikalowa m'madzi akuya n'kuwakokera m'silinda, pisitoni imalephera kuwapanikiza monga imachitira ndi mpweya, ndipo chimene chimagonja ndi mkono wake, umene umapindika kapena kuthyoka n'kubowola buloko. Zomwezo zimachitika munthu akayesa kuliza galimoto imene inamira asanachotse madzi m'masilinda. Madzi a m'mafuta amapha pang'onopang'ono koma pamtengo waukulu, makamaka m'injini zamakono za dizilo zotchedwa common rail, zimene zimapopa mafuta pa mphamvu yoposa mabaa 1,500 kudzera m'timabowo ting'onoting'ono ta majekita, mwakuti dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, akakhala ndi madzi, zinyalala kapena parafini, amawononga pampu ndi majekita onse pamodzi.

Funso limene limavuta ndi lakuti n'chifukwa chiyani dalaivala saima akaona chizindikiro, ndipo yankho lake silili m'injini koma m'makonzedwe a ntchito. Pa minibasi zambiri dalaivala ndi kondakitala, amene kumeneko amati cobrador, amayenera kupereka kwa mwini galimoto ndalama yoikika tsiku lililonse, ndipo zawo ndi zotsala akachotsa za mafuta. Kuima pakati pa ulendo kumatanthauza kubweza ndalama za okwera, kutaya tsiku, ndiponso kukafotokoza kwa bwana amene angaganize kuti ndi chinyengo, choncho dalaivala amasankha kuthira madzi n'kupitiriza, ndipo chifukwa chakuti dzulo zinatheka amakhulupirira kuti lero zithekanso. Mwini galimoto naye, amene mwina anaigula ndi ngongole ya kubanki kapena ndi ndalama za chipereganyu, chimene ku Mozambique amati xitique, amaona tsiku la sevisi ngati tsiku lotayika kawiri, poti galimoto siilowetsa kanthu pomwe ndalama ikutuluka. Palibe mmodzi mwa awiriwa amene ali wopusa, koma makonzedwewa amaika chisankho cha mphindi yoopsayo m'manja mwa munthu amene angataye zambiri akaima ndipo sadzalipira injini ikafa, ndipo eni minibasi amene amamuuziratu dalaivala kuti tsiku loima chifukwa cha nyali yofiira silidzawerengedwa ngati ngongole amakhala atachotsa chifukwa chachikulu chimene injini zimafera.

Injini ikafa, mwini wake amayamba ndi kulipira woikoka, kenako amalipira kuti itsegulidwe, ndipo mtengo weniweni sudziwika mpaka zitsulo zonse zitayalidwa pa chiguduli kapena pa katoni, mapisitoni pamzere, mabawuti m'chitini. Apa m'pamene pamayambira kusamvana kwambiri, chifukwa mtengo umene unanenedwa poyamba unali wa gasiketi yokha, koma hedi itachoka papezeka kuti yang'aluka, ndipo sampu itatsika papezeka kuti kulanki yakulika. Kuchokera apa njira zimakhala zitatu, ndipo yoyamba ndi ovaholo, kutanthauza kumanganso injini yomweyo: hedi imapita kukapalidwa kuti isalale, kulanki imagayidwa n'kuchepetsedwa ndi mamilimita 0.25 kapena 0.50 kuti ilandire mabeyaring'i onenepa, masilinda amabooledwa kapena kuikidwa zitsulo zatsopano, ndipo ntchito zimenezi sizichitika pansi pa mtengo koma kwa amisiri a makina, amene m'Chipwitikizi malo awo amati rectificadora. Masipeya pafupifupi onse amachokera kunja ndipo mtengo wake umatsata dola ya ku America ndi randi, monga mmene eni magalimoto anaonera mu 2016, pamene ndalama ya metical inagwa kuchoka pa 45 kufika pafupi ndi 80 pa dola imodzi. Sipeya imene palibe ku Tete iyenera kuitanitsidwa ku Beira, mtunda wa makilomita pafupifupi 600, kapena ku Maputo, ku Harare, ku Blantyre ngakhale ku Johannesburg, ndipo masiku odikirawo nawonso ndi ndalama kwa munthu amene banja lake limadya kuchokera m'galimotoyo. Pamashelefu pamakhala sipeya yeniyeni ndi yongofanizira, zonse m'mabokosi ofanana, ndipo munthu amene ndalama zamuthera amasankha yotsika mtengo pa chinthu ngati gasiketi kapena lamba, chimene chikalephera chimabweza ntchito yonse pachiyambi.

Njira yachiwiri ndi kugula injini ina yakaunjika, yochokera ku Japan kudzera ku Durban kapena ku Dubai, kapena yochotsedwa m'galimoto yangozi pamalo ogulitsira zophwasula otchedwa sucata. Njirayi ndi yachangu ndipo nthawi zina imatsika mtengo kuposa ovaholo, koma wogula amagula chinthu chimene sanachimve chikulira, ndipo chitsimikizo chimene amapatsidwa, ngati chilipo, chimakhala cha masiku ochepa. Injini ziwiri za dzina limodzi zimatha kusiyana mawaya ndi kompyuta yoziyendetsa, zimene zimabweretsa wamagetsi ndi mtengo wake, ndipo popeza nambala ya injini imalembedwa m'chikalata cha galimoto chotchedwa livrete, chimene chimafanana ndi bulubuku ya ku Malawi, kusinthako kuyenera kukalembetsedwa ku boma, makamaka kwa galimoto imene imawoloka malire pa Zóbuè kapena pa Cassacatiza. Cholakwika chimene chimabwerezedwa kawirikawiri n'kuika injini yatsopanoyo pa rediyeta yomwe ija imene inapha yoyamba, poti ndalama zimakhala zitathera pa injini, ndipo pakatha miyezi ingapo mwini wake amabwerera kwa mestre ali wokwiya, akumuimba mlandu wa ntchito yosalongosoka pomwe mestre akuimba mlandu dalaivala, popanda pepala lililonse losonyeza zimene anagwirizana kapena masipeya amene anagulidwa.

Njira yachitatu siisankhidwa koma imangochitika yokha. Inshuwalansi imene lamulo limakakamiza ndi yolipira anthu ena amene avulazidwa kapena kuwonongeredwa katundu pangozi, ndipo ngakhale yokwera mtengo kawirikawiri siilipira injini imene yafa ndi kuwira kapena kusowa oyilo, choncho mtolo wonse umagwera pakhomo, pa fizi ya ana, pa mbuzi za kumudzi, ndipo nthawi zina pa katapila. Ndalama zikalephera kukwana, galimoto imatsala pagalaja injini ili yotsegula, mwini wake akulonjeza kuti abwera kumapeto kwa mwezi. Dzuwa la ku Tete limaumitsa matayala ndi mphira wa m'mawindo, fumbi limadzaza masilinda amene anangophimbidwa ndi chiguduli, ndipo mvula ya mu Disembala ikalowamo dzimbiri limamaliza zimene kutentha kunasiya. Batire ndi limene limayamba kuchoka, kenako sitata ndi alitaneta zimabwerekedwa kuti zikayesere galimoto ina, mwini wake amagulitsa giyabokosi kuti abweze gawo la ngongole, ndipo pofika chaka chachiwiri chimene chatsala ndi chigoba chokhazikidwa pa njerwa kuseri kwa oficina, mmene anyamata ophunzira ntchito amasungiramo masipanala awo ndi kubisalamo dzuwa la masana.